Momwe mungapondere pothamanga kuti mawondo ndi akatumba asavulale

Anthu ambiri akayamba kuthamanga amafunsa za nsapato. Ine ndimawauza kuti ayambe aona pomwe phazi lawo likugwera, chifukwa phazi likamenya pansi thupi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwake kawiri kapena katatu, ndipo izi zimabwerezabwereza mtunda wonse.

Choyamba, pemphani mnzanu aime cham'mbali akujambuleni pa foni mukuthamanga. Imitsani vidiyoyo pomwe phazi likungokhudza pansi. Ngati lagwera kutali kutsogolo, bondo litawongoka ngati mtengo, ndiye kuti mukutalikitsa sitepe. Mukudzimangira mabuleki nokha, ndipo amene akuvutika ndi bondo ndi msongolo. Phazi lizigwera pafupi ndi pansi pa chiuno, bondo litapindika pang'ono.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pomwe ine ndidavulalira. Ndidamva kuti kuponda ndi chidendene n'kulakwa, ndipo tsiku lomwelo ndidathamanga makilomita 8 monyang'ama, chidendene chosafika pansi ngakhale kamodzi. M'mawa mwake akatumba adali gwa ngati mwala. Ndidaumirira masiku ena atatu, poganiza kuti thupi likuzolowera, mpaka mtsempha wa Achilles, uja wa kumbuyo kwa kakolo, udatupa. Ndidakhala milungu 6 osathamanga, ngakhale kutsika masitepe kudali kowawa. Chomwe sindidadziwe n'chakuti kuponda ndi kutsogolo kwa phazi sikuchotsa katundu, kumangomusamutsa. Amachoka pa bondo n'kupita ku akatumba ndi mtsempha uja, ndipo mtsempha umachedwa kulimba kusiyana ndi mnofu.

Chidendene pachokha chilibe mlandu. Othamanga marathon ambiri amayamba kuponda ndi chidendene, ena mwa iwo akatswiri. Ngati simukumva kupweteka ndipo phazi likugwera pansi pa thupi, musasinthe. Koma ngati mawondo akukuvutani ndipo mukufuna kuponda ndi pakati pa phazi, yambani ndi mphindi 5 zokha pa ulendo uliwonse, chidendene muzichilola chikhudze pansi mofewa, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Limbitsaninso akatumba: imani m'mphepete mwa sitepe ya pakhomo, kwerani ndi zala, tsikani pang'onopang'ono, ka 15, maulendo atatu.

Njira yachidule yomwe idandithandiza ine ndi kufupikitsa sitepe. Werengani kuti phazi lamanja laponda kangati pa masekondi 30, muchulukitse ndi 4. Mudzamva anthu akunena za masitepe 180 pa mphindi. Nambalayi idachokera kwa mphunzitsi Jack Daniels, yemwe adawerenga masitepe a akatswiri pa mpikisano wa Olympics wa 1984 ku Los Angeles. Amenewo anali pa liwiro la mpikisano, choncho musaithamangire. Ngati muli pa 160, kwerani mufike 168, phazi lidzayamba lokha kugwera pafupi. Wotchi yodula si yofunika pa izi, metronome yaulere ya pa foni, pulogalamu yolira tiki tiki pa liwiro lomwe mwasankha, ikukwana.

Pa nsapato chenjerani. Ndidagulapo zina zotchipa zokhala ndi chizindikiro cha kampani yodziwika, koma mwezi usadathe pansi pake padaphwatalala mbali imodzi. Wogulitsa akakuuzani kuti nsapato yakuti ikonza kathamangidwe kanu, akungofuna ndalama. Yesani kaye, gulani yomwe phazi likumasuka, ndipo musinthe ikayenda makilomita 500 mpaka 800.

Zotsalazi n'zosavuta. Imani mowongoka, weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera mu akakolo, osati m'chiuno. Zigongono zipindike, mikono izipita kutsogolo ndi kumbuyo osadutsa pakati pa chifuwa. Mapewa pansi, zibakera zosafinya, maso kutsogolo. Mvetseraninso phokoso la mapazi anu, likamamveka kuti phwa phwa mukumenya pansi kwambiri.

Mukamva ululu wobaya pamalo amodzi pa fupa, womwe ukukula mukamathamanga, siyani tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala.