Kuyesa ngati vairasi ya chimfine imadalira shuga wa kunja kwa selo polowa mu macrophage

Kunja kwa selo lililonse la m'thupi kuli timashuga tolumikizana ngati mikanda, ndipo kunsonga kwake nthawi zambiri kumakhala shuga wotchedwa sialic acid. Vairasi ya chimfine (influenza) imagwira pamenepo ndi puloteni yake ya hemagglutinin. Kuti mudziwe ngati ikudaliradi shugayu, mumeteni muone ngati ilowabe.

Lerani ma monocyte (mtundu wa maselo oyera a m'magazi) mu M-CSF, puloteni yowakulitsa, kwa masiku 7 mpaka asanduke ma macrophage, maselo oteteza thupi amene amameza tizilombo. Atsukeni kawiri ndi madzi olerera maselo opanda seramu. Ambiri amaphonya apa: seramu ya ng'ombe ili ndi fetuin, puloteni yodzaza sialic acid, ndiye sialidase, enzaimu yometa sialic acid, imatanganidwa nayo, maselo n'kutsala osametedwa. Thirani sialidase ya bakiteriya wa Vibrio cholerae, poyambira 100 mU pa mililita, ikhale ola limodzi pa 37°C. Imagwira ntchito ndi calcium, choncho EDTA, yomwe imalanda calcium, isayandikire.

Musangokhulupirira kuti yameta. Patulani maselo ochepa muwadaye ndi ma lectin, mapuloteni omamata pa shuga, monga SNA, MAL II ndi PNA. SNA imamata pa sialic acid wa α2,6, womwe mavairasi a anthu amakonda. MAL II imamata pa α2,3, wa mavairasi a mbalame. Zonsezi zizilale. PNA, yochokera ku mtedza, iwale kwambiri chifukwa galactose wobisika pansi watsala poyera. Ikapanda kukwera, enzaimu sinagwire ntchito, musapitirire.

Thirani vairasi nthawi yomweyo, mbale ili pa ayezi, kwa ola limodzi. Selo limayamba kubwezeretsa sialic acid pakangopita maola ochepa, mukazengereza mwataya ntchito. Tsukani, bwezerani pa 37°C, ndipo pakatha maola 6 mpaka 8 dayani nucleoprotein, puloteni ya mkati mwa vairasi, muwerenge maselo amene agwidwa.

Koma macrophage nayo ili ndi zogwirira shuga wa pa vairasi, monga mannose receptor (yogwira shuga wa mannose) ndi MGL (yogwira galactose). Choncho konzaninso kaenje kena ka m'mbale, ka maselo osametedwa, muthiremo mannan, mkanda wa shuga wa mannose, kuti mannose receptor itsekeke. Matenda akatsika m'timaenje tonse tiwiri, kometedwa ndi ka mannan, ndiye kuti sialic acid amakokera vairasi pafupi, mannose receptor n'kuilowetsa. Samalaninso mtundu wa vairasi: vairasi ya chimfine yotchedwa PR8 ili ndi shuga wochepa pa hemagglutinin ndipo salowa bwino mu macrophage ya mbewa, moti mukaigwiritsa ntchito mudzaganiza kuti mannan alibe mphamvu.