Momwe mungayang'anire mapepala a katundu woopsa asanakwezedwe m'sitima ya panyanja

Amalonda ambiri muno mu Lilongwe amene amaoda penti, mabatire a sola kapena mankhwala a kumunda ku China ndi ku Dubai sadziwa kuti katunduyu amawerengedwa woopsa. Amadzadziwa kontena itakanidwa padoko, ndalama zitapita kale. Malamulo ake ali m'buku la IMDG Code la IMO, bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja, ndipo amagawa katundu wotereyu m'magulu 9.

Musanamalize kulipira, uzani wogulitsayo akutumizireni Safety Data Sheet, pepala lofotokoza kuopsa kwa katunduyo ndi kasamalidwe kake, ndipo muwerenge gawo 14. Pamenepo pali nambala ya UN yozindikiritsa mtundu wa katundu woopsayo, dzina lovomerezeka la katunduyo, gulu lake, ndi packing group ngati ilipo, yomwe imakhala I, II kapena III malinga ndi kuopsa kwake. Penti wosachedwa kuyaka ndi UN 1263, gulu 3. Mabatire a lithium ion otumizidwa paokha ndi UN 3480, gulu 9, koma akakhala m'kati mwa chipangizo ndi UN 3481. Kusiyana kwake ndi nambala imodzi yokha, komabe kumakwanira kuimitsa katundu.

Kenako tengani Dangerous Goods Declaration, pepala limene wotumiza amalembapo za katundu woopsayo, muiyike pambali pa pepala loyamba lija, mufananize mzere ndi mzere. Apa ndiye musathamange. Dzina la malonda lolembedwa pachitini silokwanira, pafunika dzina lovomerezeka lija. Onani chiwerengero cha migolo kapena makatoni ndi kulemera kwake. Ngati ndi zamadzimadzi zoyaka, flash point, yomwe ndi kutentha kochepetsetsa komwe nthunzi yake ingagwire moto, ilembedwe. Ngati katunduyo amaononga zamoyo za m'nyanja, pakhale mawu akuti Marine Pollutant. Pansi pakhale siginecha ya wotumiza, komanso ya amene analongedza kontena, pa Container Packing Certificate.

Ine ndimalimbikitsa kupemphanso zithunzi pa WhatsApp: za zizindikiro zomatidwa pamigolo, ndi za zikwangwani zomwe ziyenera kukhala mbali zonse zinayi za kontena. Wogulitsa akakuuzani kuti angolemba "general cargo" kuti mtengo utsike, kanani. M'sitimamo muli anthu, ndipo moto ukabuka pakati pa nyanja amadalira mapepala omwewa kuti adziwe chozimitsira.

Invoice, packing list ndi bill of lading zinene chimodzimodzi. Ngati ndi mankhwala ophera tizilombo, chilolezo cha Pesticides Control Board chikhale m'manja katundu asananyamuke.

Mapepala onsewa apatseni a clearing agent anu sitima isanafike ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kuti akonzeretu za MRA ndi kupeza thiraki yololedwa kunyamula katundu wotereyu mpaka ku Kanengo.