Kukaonera opera koyamba: zoyenera kuchita

Opera ndi sewero loimba. Osewera amaimba mawu awo motsatana ndi gulu loimba zida, ndipo nthawi zambiri sagwiritsa ntchito maikolofoni. Musanapite mukhale ndi tikiti, maola atatu opanda chochita china, ndi zovala zooneka bwino. Suti si yokakamiza.

1. Sankhani opera yosavuta kutsatira, monga Carmen ya Bizet ya mu 1875 kapena La Traviata ya Verdi ya mu 1853. Opera za Wagner, wopeka nyimbo wa ku Germany, zisiyeni kaye, zina zimapitirira maola anayi.

2. Werengani chidule cha nkhani yake musanachoke kunyumba. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Amaopa kuti akadziwiratu mathero sakasangalala, kenako amangokhala kakasi chifukwa Carmen amaimba m'Chifalansa, La Traviata m'Chitaliyana. Nyumba zambiri za opera zimaonetsa mawu omasulira pamwamba pa siteji, koma maso akangokhala pamenepo, sewero limakudutsani.

3. Fikani kutatsala mphindi 30. Ochedwa nthawi zambiri amadikirira panja mpaka nthawi yopuma.

4. Zimitsani foni.

5. Ombani m'manja woimba akamaliza nyimbo yake yayekha, zida zitasiyiratu kulira. Mukakayika, dikirani ena ayambe.