Momwe mungaimitsire sitima pa kasiteshoni ka Rhydyronen ku Wales

Amene muli ku Britain ndipo mwatopa ndi phokoso la m'tauni, pitani ku Tywyn, m'mbali mwa nyanja ku Wales, mukakwere sitima ya malasha ya Talyllyn Railway. Njanji yake ndi yopapatiza, mamilimita 686 okha, pomwe ya kwathu ku Malawi ndi 1,067. Anaimanga m'ma 1860 kuti izitsitsa miyala ya sileti kuchokera ku mgodi wa Bryn Eglwys, ndipo kuyambira 1951 akuiyendetsa ndi anthu ongodzipereka. Pa makilomita pafupifupi 12 a ulendo wopita ku Nant Gwernol pali timasiteshoni tomwe sitima siima pokhapokha wina ataipempha. Kamodzi mwa ito ndi Rhydyronen, pafupi ndi mudzi wa Bryncrug.

Choyamba, onani nthawi za sitima pa intaneti musanachoke pakhomo. Iyi si sitima yopitira kuntchito. M'chilimwe cha kumeneko imayenda kangapo patsiku, koma m'miyezi yozizira masiku ambiri sikhala panjanji n'komwe.

Chachiwiri, fikani msanga pa Rhydyronen. Pamalopo mupeza kanyumba kamiyala kousapo mvula ndi pulatifomu yaifupi, basi. Musadandaule mukaona kuti palibe wogulitsa matikiti. Mukagula kwa gadi, yemwe ali ngati kondakitala wa m'sitima.

Kenako imani pa pulatifomu, poonekera, kutali ndi m'mphepete. Sitima mudzayamba kuimva isanaoneke: mluzu kaye, kenako kupuma kwa injini, utsi n'kutulukira pamwamba pa mitengo. Ikangotulukira, kwezani dzanja m'mwamba ndipo musalitsitse mpaka mutaona kuti yayamba kuchepetsa liwiro. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amagwedeza dzanja ngati akutsanzika mlendo, woyendetsa nayenso n'kuwabwezera moni, sitima n'kudutsa. Musamudzudzule, chifukwa tsiku lonse ana ndi alendo amakhala akumugwedezera manja m'mbali mwa njanji. Inu muimitseni ngati mmene mumaimitsira minibasi pamsewu, mosonyeza kuti muli paulendo. Komanso musadikire kuti ifike pamphuno panu. Ngakhale imayenda pang'onopang'ono, sitima siima nthawi yomweyo ngati njinga.

Ikaima, kwerani bogi lomwe muli malo kapena lomwe gadi wakulozerani. Muona chinthu chachilendo: zitseko zimatsegukira mbali imodzi yokha. Nkhani yake ndi ya mu 1866. Woyendera njanji wa boma, Captain Henry Tyler, anapeza kuti mipata ya pansi pa milatho ndi yothina kwambiri. M'malo mogwetsa milathoyo, eni njanji anaisunthira mbali imodzi n'kukhomerera zitseko za mbali yothinayo. N'chifukwa chake mpaka lero mapulatifomu onse ali mbali imodzi.

Kutsika ndiko kumafuna kukonzekera. Uzani gadi musanakwere pa siteshoni yoyambira ya Tywyn Wharf, kapena sitima ikaima pa siteshoni ina musanafike, kuti mukatsikira pa Rhydyronen, iye auze woyendetsa. Mabogi ake alibe njira yodutsira kuchoka m'bogi lina kupita m'linzake, choncho sitima ikanyamuka simungamufikenso. Kukuwa kuti "otsika alipo" sikuthandiza, injini imameza mawu onse. Mukaiwala, mutsikira kutsogolo n'kudikira yobwerera.

Tengani jekete ya mvula, pakuti nyengo ya ku Wales sichedwa kusintha. Malaya oyera asiyeni kunyumba: mukakhala m'bogi lopanda magalasi kufupi ndi injini, timwaye timagwera pamapewa, nthawi zina m'maso momwe. Ndipo musanatsike, funsani gadi nthawi ya sitima yomaliza yobwerera ku Tywyn. Ikakusiyani, ndi makilomita oposa atatu wapansi.