Mmene Mungapezere Mphamvu ndi Anthu Okuthandizani Kukwaniritsa Cholinga Chanu

Kwa zaka zingapo ndakhala mlembi wa gulu la banki mkhonde kuno ku Ntcheu, kufupi ndi msika wa Lizulu, ndipo chaka chilichonse tikamayamba kusonkha masheya ndimamva anthu akutchula zimene mitima yawo ikufuna. Wina amafuna kufolera nyumba ndi malata, wina kugula makina osokera, wina kubwerera kusukulu kuti akalembenso mayeso a MSCE, ndipo wina amafuna kusiya kugulitsa kachewere wake kwa mavenda pamunda kuti azikamugulitsa yekha ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Onsewa amalankhula ndi mtima wonse. Koma pofika mwezi wa Febuluwale, ufa utatha m'nyumba ndipo mwana atadwala malungo, ambiri amakhala atasiya kutchula zimene ananena zija. Amene ndawaona akufika kumapeto ndi aja amene anaika cholinga chawo m'manja mwa anthu oti aziwafunsa pa tsiku lodziwika, ndipo zimene ndikulemba pano ndi njira yochitira zimenezo.

Yambani ndi kusandutsa khumbo lanu kukhala chinthu chowerengeka. Mawu akuti "ndikufuna kutukuka" palibe amene angakufunseni nawo kanthu, ndipo ngakhale inu nomwe simungadziwe ngati mwasuntha kapena ayi. Ngati mukufuna denga, itanani mmisiri ayeze nyumbayo, akuuzeni kuti pakufunika malata angati, a mafiti angati, misomali makilogalamu angati ndiponso matabwa angati, kenaka mulembe zonsezo m'kope. Ngati mukufuna satifiketi ya MSCE, dziwani kuti muyenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mulembe maphunziro amene mwasankha ndi amene anakugwetsani ulendo wapita. Ndikulangizani kwambiri kuti muziwerenga cholinga chanu m'zinthu, monga malata, matumba a feteleza kapena mbuzi, chifukwa ndalama ya kwacha siikhala pamodzi. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo anthu amene anasunga ndalama pansi pa mphasa akudikira kuti zikwanire denga lonse anapeza kuti zikugula malata ochepa kuposa amene akanagula mwezi wapitawo. Munthu amene amagula malata awiri kapena atatu akapeza ndalama, n'kuwaimika kuseri kwa chitseko, amakhala ndi chinthu chimene maso ake amachiona m'mawa uliwonse, ndipo kuona kumeneko kumalimbitsa mtima kuposa mawu alionse achilimbikitso.

Kenaka ikani cholingacho pa kalendala ya kwanu kuno. Ife a m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza, kuyambira ku Tsangano mpaka ku Bembeke, timaona ndalama tikakumba kachewere wa dzinja, tikakolola nyemba ndi soya, ndiponso m'miyezi ya dimba pamene kabichi ndi tomato zikutuluka. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, ya fizi ya ana ndiponso ya matenda. Musadzilonjeze kusunga ndalama yofanana mwezi uliwonse ngati kuti muli pa malipiro, chifukwa mukalephera kawiri mudzayamba kudziona ngati munthu wosatha kanthu, pamene vuto linali dongosolo lanu. Lembani kuti m'miyezi yokolola mudzaponya masheya ochuluka, ndipo m'miyezi ya njala mudzaponya sheya imodzi yokha kuti dzina lanu lisazimire m'buku. Wophunzira nayenso aone nthawi yake moona mtima: pa nyengo yopalira ndi yobandira thupi limafika madzulo litatheratu, choncho kuwerenga kwambiri kuikidwe m'miyezi imene ntchito ya kumunda yachepa, ndipo m'nyengo yolima kukhale kwa theka la ola m'bandakucha.

Funso la amene muyenera kumuuza ndi lalikulu, ndipo ndikudziwa chifukwa chake ambiri amabisa. Timaopa nsanje, timaopa kusekedwa zikakanika, ndipo ena amaopa ngakhale kulodzedwa. Sindikunena kuti mukalengeze pachitsime kapena pa Facebook. Sankhani anthu awiri kapena atatu. Woyamba akhale wa m'nyumba mwanu, chifukwa cholinga chimene mwamuna kapena mkazi wanu sakuchidziwa chimasanduka mkangano tsiku limene ndalama ifunike pa zina. Kwathu kuno, kumene ambiri amakhala pachikamwini ndipo mawu a malume amalemera pa nkhani za malo ndi za ana, ndi nzeru kuwadziwitsa akuluakulu a banja msanga ngati cholinga chanu chikukhudza munda kapena nyumba, kuti mawa pasadzabuke nkhani yakuti mwamanga pamalo pa eni. Wachiwiri akhale munthu amene anachitapo kale chimene mukufunacho, ngakhale atakhala wamng'ono kwa inu. Mukapita kwa iye musangomuuza kuti akupempherereni. Nenani momveka kuti, "Mayi, ndikufuna kuti pofika mwezi wa Ogasiti ndikhale nditagula makina osokera. Ndikupempha kuti Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikamatuluka m'tchalitchi, muzindifunsa pamene ndafika." Pempho lotere ndi lopepuka kwa iye, koma kwa inu limakhala ngati chingwe chokukokani pamene ulesi wafika.

Tsopano pezani gulu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo magulu alipo kale pafupi nanu: banki mkhonde, chipereganyu cha anthu ogulitsa pamsika, makalabu a alimi, makoparetivu, amayi a Mvano, a Dorika, miphakati ya Akatolika ndi magulu a achinyamata. Musalowe gulu chifukwa chakuti muli mnzanu. Pemphani kuti mukakhale nawo pa msonkhano umodzi kapena iwiri monga mlendo, ndipo muone ndi maso anu mmene zinthu zimayendera. M'gulu la banki mkhonde loyenda bwino mumakhala anthu osapitirira 25 odziwana, malamulo amakhala olembedwa, ndipo bokosi limakhala ndi maloko atatu amene makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, pamene msungichuma amasunga bokosi lokhalo. Kwathu timakumana Lachinayi masana pansi pa mtengo wa mapeyala. Bokosi limaikidwa pa mphasa pakati pa onse, osunga makiyi amatsegula aliyense loko wake, owerenga ndalama awiri amawerenga mokweza, ndipo munthu aliyense akaponya masheya ake ndimadinda chidindo m'kabuku kake iye akuona. Mukaona gulu limene ndalama zimawerengedwa m'chipinda, kapena limene wapampando amayankha funso la ndalama ndi ukali, tsanzikani mwaulemu ndipo mukafune lina.

Mukalowa, pemphani kuti cholinga chanu chilembedwe m'buku la gulu. Ife tinayamba mwambo wakuti pakutha pa miyezi itatu iliyonse mlembi amawerenga zimene aliyense analonjeza, ndipo mwini wake amaimirira n'kunena pamene wafika. Poyamba anthu ankachita manyazi, koma ndaona amayi akuimba nthungululu chifukwa mnzawo wanena kuti malata afika khumi ndi awiri, ndipo mayi ameneyo anabwerera kunyumba nkhope ili ngwee. Chimwemwe cha anzanu pa kachinthu kochepa kamene mwachita ndicho chakudya cha mtima pa ulendo wautali.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri ofuna thandizo amaiwala, ndipo ndikufuna muchigwire bwino. Anthu amathandiza munthu amene amamuona pa mavuto awo. Makolo athu ankaitana dima, anthu n'kubwera ndi makasu kudzalima munda wa mmodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti amene sapita ku dima la anzake, lake lidzakhala lopanda anthu. Lero zili chimodzimodzi. Pitani kumaliro, kumbani nawo manda kapena phikani nawo kusiwa, sonkhani ya thumba la zadzidzidzi osadikira kukumbutsidwa, ndipo mnzanu akamaumba njerwa mukamutungireko madzi. Zimenezi zimadya nthawi imene mukanaigwiritsa ntchito pa cholinga chanu, ndikuvomereza, koma tsiku limene mudzafune anthu okweza denga kapena okuyang'anirani ana pamene mwapita kukalemba mayeso, mudzawapeza osavutika.

Pa nkhani ya luso, funsani amene ntchito yawo ndi yomweyo, pakuti safunsa anadya phula. Alangizi a zaulimi ndi alimi otsogola a m'dera lanu angakuuzeni za mbewu yabwino ya kachewere ndi nthawi yopopera mankhwala a chiwawu. Wofuna ukalipentala, utelala, kuwotcherera kapena zomangamanga afunse za maphunziro a TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kapena apemphe mmisiri wa pamsika kuti azimuthandiza ntchito uku akuphunzira. Wofuna kubwerera kusukulu akaonane ndi mphunzitsi wamkulu wa sekondale yapafupi kuti amve za makalasi a masana ndi nthawi yolembetsa mayeso a MANEB, ndipo amene sanaphunzire kulemba ndi kuwerenga asachite manyazi ndi sukulu ya kwacha. Mukapeza anzanu awiri a cholinga chofanana, muzikumana pa tsiku lokhazikika, ngakhale kuli chisanu cha mu Juni chija chimene chimaumitsa zala.

Tsiku lofooka lidzafika ndithu, ndipo ndi bwino kulikonzekera lisanafike. Chaka china ndinatenga ngongole m'gulu, yokwana katatu masheya anga monga malamulo amalolera, n'kuika yonse m'munda wa kachewere. Mvula inagwa mosalekeza, chiwawu chinalowa, ndipo m'masiku ochepa masamba onse anada ngati awauka ndi moto. Ndinajomba misonkhano iwiri chifukwa cha manyazi, ndipo ndinayamba kuganiza zopita kwa munthu wa katapila kuti ndibweze ngongoleyo anzanga asanadziwe. Madzulo ena mayi wachikulire wa m'gulu lathu anafika pakhomo, anakhala pakhonde, n'kunena kuti, "Mwanawe, bokosi silikwiya ndi munthu amene wabwera kudzanena zoona. Lachinayi ndidzakudutsira, tidzapitire limodzi." Ndinapita, ndinaimirira, ndinafotokoza zonse, ndipo gulu linandigawira ngongoleyo kuti ndibweze pang'onopang'ono ndi ndalama za dimba. Kuchokera pamenepo ndimauza aliyense kuti zikavuta apite ku msonkhano wotsatira ndithu, ngakhale alibe ndi tambala yomwe, anene vuto lake ngongole isanafike tsiku lobweza, ndipo asatenge ngongole kwina kuti atseke ina. Mukatero, chepetsani cholingacho kapena sunthani tsiku lake, koma musachifufute m'kope.

Mudzakumananso ndi achibale opempha, ndipo ena adzanena kuti mwayamba kunyada. Pa matenda ndi maliro thandizani monga mmene mungathere, chifukwa ndiwo umunthu wathu. Pa zina, njira yabwino ndi kupatula kandalama kothandizira abale pa nthawi yokolola, ndipo kakatha muzinena zoona kuti zotsalazo zili m'bokosi la gulu ndipo sizituluka mpaka tsiku logawana. Apa m'pamene gulu limakutetezani ngakhale kwa inu mwini, pakuti ndalama imene ili m'thumba kapena mu Airtel Money ndi Mpamba imatuluka ndi chifundo cha mphindi imodzi, pamene ya m'bokosi imafuna makiyi atatu. Onyoza musalimbane nawo ndi mawu, ndipo musawauzenso mapulani anu.

Tsiku logawana likamayandikira, limene magulu ambiri amaliika mu Disembala, pitani kusitolo sabata imodzi lisanafike mukafunse mitengo, ndipo mupangane ndi wa ngolo kapena wa njinga yamoto amene adzanyamule katunduyo. Mukalandira gawo lanu, pitani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, limodzi ndi munthu uja amene wakhala akukufunsani chaka chonse, mukagule chimene munalemba ndalamayo isanagone m'nyumba masiku a Khirisimasi. Pa msonkhano woyamba wa chaka chatsopano mubwere ndi lisiti, mulionetse kwa anzanu, ndipo mlembi alembe chotsatira chimene mukufuna pamodzi ndi mwezi wake.