Mmene mungakonzere phunziro la mbiri ya Bishopu Mackenzie

Ngati mwapemphedwa kukamba za Bishopu Charles Frederick Mackenzie ku Sande Sukulu kapena kwa achinyamata, mphindi 30 zikwana. Musanayankhule, jambulani pa bolodi mtsinje wa Shire, muikepo madontho anayi: Chiromo kumunsi, kwa Chibisa ku Chikwawa, kwa Mbame, ndi Magomero m'boma la Chiradzulu. Nkhani yonse iyenda m'madontho amenewa.

Za kwawo zisakutengereni mphindi zoposa zisanu. Anabadwira ku Scotland mu 1825, anali katswiri wa masamu ku Cambridge, anatumikira ku Natal ku South Africa, ndipo anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861 kuti atsogolere bungwe la mishoni ya Anglican la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), lomwe linayamba kutsatira pempho la David Livingstone la mu 1857.

Pofunika kuchedwa ndi pa Julaye 1861. Atakwera mtunda kuchokera kwa Chibisa, gulu la Livingstone linamasula akapolo 84 kwa Mbame, ndipo anthu amenewa ndiwo anakhala maziko a mishoni ya Magomero. Kenako Amang'anja anapempha bishopuyo kuti awathandize kulimbana ndi Ayao, iye navomera, nanyamula mfuti. Aphunzitsi ambiri amalumpha apa poopa kuipitsa dzina la bishopu. Musalumphe. Nkhondozo zinadzudzulidwa kwambiri ku England, ndipo a mishoni anzake anadzazindikira kuti anaweruza mofulumira, chifukwa ena mwa Amang'anja nawonso ankagulitsa anthu. Funsani ophunzira kuti iwo akanatani, muwapatse mphindi khumi atsutsane.

Imfa yake muifotokoze mwatsatanetsatane. Mu Januwale 1862, mvula ili pakati, anatsika Shire ndi wansembe Henry Burrup kukakumana ndi Livingstone. Bwato linagubuduka usiku, bokosi la mankhwala n'kumira, kwinini yense, mankhwala a malungo, n'kupita ndi madzi. Anapitirirabe ulendo, malungo anamugwira pachilumba cha pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anamwalira pa 31 Januwale. Burrup anabwerera ku Magomero koma sanathe mwezi.

Samalani ndi zolakwika ziwiri zimene zimabwera kawirikawiri. Mackenzie sanaikidwe ku Magomero ayi. Anaikidwa kufupi ndi Chiromo. Ndipo Magomero akatchulidwa, ena amathamangira kwa John Chilembwe. Imeneyo ndi nkhani ya 1915, patapita zaka zoposa 50, pa esiteti ya A. L. Bruce.

Wina adzafunsa kuti nanga Likoma ikubwera pati. Wolowa m'malo mwa Mackenzie, Bishopu William Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo UMCA inadzakhazikika pa Likoma mu 1885. Apa onjezerani dontho lachisanu pa bolodi, pakati pa nyanja.