Mwachotsa gemu pa kompyuta: zotsalira za mu Registry muzifufute kapena muzisiye?

Funso ili limandipeza kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa achinyamata amene laputopu yawo ndi imodzi yomweyo, masana ya sukulu, usiku ya mpira. Munthu wachotsa FIFA kapena GTA kuti apeze malo, kenako mnzake amuuza kuti, "Aise, sunathane nayo gemuyo. Yasiya nyansi mu Registry, n'chifukwa chake makina akukoka miyendo." Apo mtima uli m'mwamba, wayamba kusaka pa intaneti pulogalamu yotsukira.

Yankho langa ndi loti nthawi zambiri zisiyeni. Pali zovuta zitatu zokha zimene zingandichititse kutsegula Registry chifukwa cha gemu yochotsedwa, ndipo ndizitchula m'munsimu pamodzi ndi njira yake. Koma choyamba timvane kaye za chinthu chimene tikufuna kugwirachi.

Registry ndi kaundula wa Windows. Anayamba mu Windows 3.1 m'chaka cha 1992, ndipo kuchokera pa Windows 95 ndi m'mene makina amasungamo pafupifupi zonse zokhudza kayendetsedwe kake: mapulogalamu amene alipo, madalaiva, zimene ziyenera kudzuka kompyuta ikayaka, zokonda za mwini wake. Gemu ikamalowa imadzilembetsa m'menemo. Imalemba dzina lake, kampani yake, foda imene yakhala, chilankhulo, mwina ndi kukula kwa chithunzi pa sikirini. Ikamachoka siifufuta zonse. Nthawi zina n'kusasamala kwa amene anaipanga, nthawi zina n'dala, kuti tsiku limene mudzaibwezeretse idzakukumbukireni.

Taganizirani buku la kwa amfumu lolembamo mayina a anthu a m'mudzi. Munthu anasamuka kalekale kupita ku Joni, dzina lake likadali pa tsamba lachisanu. Dzinalo silidya nsima, silitunga madzi pa mjigo, silitenga malo a munda. Amfumu akafuna dzina la wina satsegula buku lonse kuyambira koyamba, amangopita pa tsamba limene akufuna. Windows nayo imatero. Imawerenga mzere umene pulogalamu yaufunsa, ndipo mzere umene palibe akuufunsa umangogona. Kukula kwake ndi makilobaiti ochepa, osafika ngakhale chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp, pamene GTA V yokha imadya magigabaiti oposa 60. Mukafufuta mizere imeneyo simudzaona kusintha kulikonse pa malo kapena pa liwiro.

Pomwe phindu palibe, ngozi ilipo. Mu Registry mulibe Recycle Bin, mulibenso batani lobwezera. Mwadina Delete, mwavomera, chapita. Ndipo kuyambira pa Windows 10 ya mu 2018, imene nambala yake ndi 1803, makina anasiya kudzisungira okha kope la Registry mu foda ya RegBack monga ankachitira kale. Microsoft yenweyo inalemba poyera kuti siivomereza mapulogalamu otsuka Registry, ndipo siilonjeza kuti zowonongeka nawo zingakonzeke popanda kuikanso Windows. Kampaniyi inali ndi kotsukira kakekake kotchedwa RegClean m'masiku a Windows 95, koma inakasiya.

Mapulogalamu otsukirawa amadziwa kukopa. Amakuonetsani manambala ofiira, ati apeza zolakwika mazanamazana, ena n'kukupemphani ndalama kuti akonze. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamuyo siidziwa kuti mzere uwu ndi wa gemu yakufa ndipo uwo ndi wa pulinta yanu, imangoganizira. Mphwanga anandibweretserapo laputopu atayendetsa kena kotere. Inkayaka bwinobwino, koma mafayilo a sukulu ukawadina sankadziwanso pulogalamu yoti awatsegule, ndipo tinataya Loweruka lonse tikubwezeretsa zinthu zimene sizinali zowonongeka poyamba.

Palinso china chimene osewera ambiri sachidziwa. Magemu ambiri opangidwa ndi Unity, pulogalamu yopangira magemu, amasunga zokonda zanu mu Registry, ndipo ena ang'onoang'ono amasunga m'menemo ngakhale pamene munafika posewera. Zimene mukuzitcha nyansi zikhoza kukhala miyezi itatu ya thukuta lanu.

Tsono tichite motere.

Choyamba, chotsani gemu kudzera pakhomo

Mavuto ambiri amayamba ndi munthu amene wangofufuta foda ya gemu n'kumati wathana nayo. Pa Windows 11 pitani ku Settings, Apps, Installed apps. Pa Windows 10 ndi Apps & features. Pezani gemuyo, dinani Uninstall. Ngati munaitenga pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ichotsereni mu Steam momwemo: dinani dzina lake ndi batani lakumanja la mausi, Manage, Uninstall.

Gemu imene munangoikopera pa flashi ya mnzanu n'kuyamba kusewera osaiika, simuipeza pa mndandandawu. Imeneyo kufufuta foda yake n'kokwanira.

Muli pa mndandanda womwewo, yang'anani zimene zinabwera ndi gemuyo. Magemu a pa intaneti amabwera ndi alonda oletsa kubera, ndipo ena sachoka pamodzi ndi gemu. Valorant, mwachitsanzo, imabwera ndi Riot Vanguard, imene imadzuka kompyuta ikangoyaka ndipo ili ndi mzere wakewake wochotsera. Magemu akale a nkhondo ankasiya PunkBuster. Zimenezi ndiye zotsalira zenizeni, chifukwa zimagwira ntchito ndithu. Zichotseni ngati palibe gemu ina imene ikuzifuna. Koma mukaona mizere yambirimbiri ya Microsoft Visual C++ Redistributable ya zaka zosiyanasiyana, musaikhudze. Ikuoneka ngati yobwerezabwereza, koma mapulogalamu ena amaimirira pamenepo.

Chachiwiri, sakani malo kumene kuli malo

Ngati cholinga chanu chinali kupeza malo pa disiki, ntchito ili m'mafoda. Tsegulani Documents. M'menemo ndi m'mene mumakhala foda ya GTA San Andreas User Files, ya Rockstar Games, ya KONAMI, ya FIFA. Onaninso foda ya Saved Games pansi pa dzina lanu. Kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %appdata% n'kudina Enter. Bwerezaninso ndi %localappdata%, ndi %programdata%. Pafupi ndi foda ya Local, imene %localappdata% imatsegula, pali foda ya LocalLow, kumene magemu a Unity amakonda kusiya katundu. A Steam onani mu steamapps\common, chifukwa ma mod ndi ma patch, zowonjezera pa gemu zimene munaika nokha, amatsalira m'menemo, ndipo amenewa ndi amene amafika magigabaiti.

Musanafufute, dzifunseni ngati gemuyo mudzaifunenso. Mafayilo osunga pamene munafika ndi ang'onoang'ono. Akopereni pa flashi. Master League ya mu gemu ya mpira ya PES, imene mwaisewera zaka zitatu, siibwerera ndi misozi.

Mukatha apo, lembani Disk Cleanup pa Start, chongani DirectX Shader Cache ndi Temporary files, muisiye ichotse. Anthu ambiri ntchito yawo yathera pano.

Chachitatu, kodi pali vuto limene mukuliona ndi maso?

Vuto loyamba: gemu munaichotsa koma dzina lake lakanirira pa mndandanda wa mapulogalamu. Lachiwiri: mukufuna kuiikanso koma ikukana, ikuti ilipo kale, kapena ikulozabe ku foda yakale imene kulibe. Izi zimachitika kwambiri ndi magemu akale. PES 2013, mwachitsanzo, imalemba mu Registry foda imene yakhala, ndiye mukaisamutsa kuchoka pa C kupita pa D imasokonezeka. Lachitatu: nthawi iliyonse mukayatsa kompyuta pakutuluka uthenga woti fayilo inayake ya gemuyo sikupezeka.

Ngakhale apa, yambani ndi njira zofewa. Pa vuto loyamba, tsegulani Control Panel, Programs and Features, dinani dzinalo ndi Uninstall. Kawirikawiri Windows imazindikira yokha kuti pulogalamuyo inachoka, n'kukufunsani ngati ichotse dzinalo pa mndandanda. Microsoft inatulutsanso kapulogalamu kaulere kotchedwa Program Install and Uninstall troubleshooter, kamene kamathandiza pa vuto loyamba ndi lachiwiri. Pa lachitatu, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Startup, pezani dzina la gemuyo kapena launcher yake, kapulogalamu koitsegulira, dinani Disable. Ngati sikuoneka pamenepo, Autoruns ya Sysinternals, imenenso ndi ya Microsoft, imaonetsa zonse zodzuka ndi makina, ndipo mizere yoloza ku fayilo yosowa imaipaka chikasu. Ingochotsani kachongi pa mzere wa gemuyo, osafufuta.

Zonsezi zikakanika, ndiye tilowe.

Chachinayi, dzitchinjirizeni musanagwire kanthu

Lumikizani chaja, ndipo batire likhale ndi moto. Ngati ndi kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS, batire losungira magetsi, sankhani nthawi imene magetsi sakonda kuzima kwanuko.

Lembani Create a restore point pa Start, kuti musunge kope la mmene Windows ilili lero loti mudzabwerereko zikavuta. Pa zenera limene lituluke, onani ngati Protection ili On pa disiki C. Pa makina ambiri imakhala yozimitsa, ndiye dinani Configure muiyatse. Kenako dinani Create, lembani dzina loti mudzalikumbukire, dikirani mpaka inene kuti yatha. Sitepe iyi musaidumphe ngakhale mukuthamangira kuti.

Chachisanu, kulowa m'kaundulamo

Windows ndi R, lembani regedit, Enter, vomerani. Kumanzere muona zinthu zooneka ngati mafoda. Zimenezo zimatchedwa ma key. Pamwamba pali mpata wolembamo njira, ngati wa mu File Explorer. Malo amene magemu amalemba ndi awa:

HKEY_CURRENT_USER\Software

HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE

HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\WOW6432Node

Achitatuwo ndi a mapulogalamu a 32-bit pa Windows ya 64-bit, ndipo magemu akale ambiri ali kumeneko. M'malo onsewa yang'anani dzina la kampani, mulitsegule, m'kati mwake mupeze dzina la gemu. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Fufutani key ya gemu yokhayo, osati ya kampani. Pansi pa KONAMI kapena Rockstar Games pakhoza kukhala gemu ina imene mukuisewerabe. Key ya Valve ndi ya Steam yonse, isiyeni.

Ngati vuto ndi dzina lokanirira pa mndandanda, pitani ku HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Uninstall, ndiponso njira yomweyo pansi pa WOW6432Node. Ma key ambiri kuno alibe mayina omveka, ndi manambala ndi zilembo zosakanikirana. Dinani imodzi imodzi, muziwerenga DisplayName kumanja, mpaka mupeze dzina la gemu yanu ndendende. Pamafunika kudekha, monga amanenera za maso a nkhono.

Mwaipeza? Musafufute kaye. Idineni ndi batani lakumanja, sankhani Export, isungeni pa Desktop ndi dzina la gemuyo. Patuluka kafayilo kothera ndi .reg. Mukakaona ndi maso kuti kalipo, bwererani pa key ija, batani lakumanja, Delete.

Pali chiyeso chimodzi chimene ndikuchenjezeni nacho. Mu regedit muli Ctrl ndi F yosakira mawu, ndi F3 yopitira pa zotsatira zina. Munthu amalemba "EA" kapena "Need" n'kuyamba kufufuta chilichonse chimene chatuluka. Zilembo ngati zimenezi zili m'mawu ambirimbiri a Windows yeniyeniyo. Kusaka n'kothandiza kupeza malo, koma chimene simukuchizindikira chisiyeni pomwepo. Ndipo HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM musalowemo n'komwe chifukwa cha gemu. M'menemo ndi m'mene muli madalaiva ndi zimene zimadzutsa makina, mukalakwitsa kompyuta ikhoza osayakanso.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani

Tsekani regedit, dinani Restart. Onani ngati vuto lija lachoka. Gwiritsani ntchito makinawo masiku angapo musanataye kafayilo ka .reg kaja. Chikavuta china, kadineni kawiri, vomerani, zimene munafufuta zibwerera m'malo mwake. Zikakula kuposa apo, lembani rstrui pa Windows ndi R, musankhe restore point imene munapanga ija.

Nanga kuchedwa kwa kompyuta kumene kunayambitsa nkhani yonseyi? Tsegulani Task Manager, pa Performance, muone. Ngati Disk yakhala pa 100% ndipo yalembedwa HDD, ndiye wakuba wanu ameneyo, ndipo kusintha n'kuika SSD, disiki yothamanga kwambiri, kumasandutsa laputopu yakale kukhala ngati ina. Ngati Memory ndi 4 GB ndipo yadzaza mutangotsegula Chrome, funsani amisiri ngati makina anuwo amalola kuwonjezera RAM. Pa Startup zimitsani Steam, Epic Games Launcher, Discord ndi ena otero, adzatsegulidwe pamene mukuwafuna. Ndipo ngati fani ikulira ngati chigayo, pansi pakutentha moti simungaike pa miyendo, fumbi la chilimwe ladzaza m'kati. Kaitsegulitseni aipemerere, aikenso mafuta atsopano otchedwa thermal paste pa purosesa.